Chingwe Chofiira

Boti latsopanolo linali lisanakhudze madzi chiligulireni, koma Nthenga anali atayamba kale kuliopa.

Linakhala pa ngolo yake m'shedi ya kalabu ya maboti, mimba zake ziwiri zazitali, zonga mabwato awiri oyandikana, zitasuzumira panja chifukwa shediyo inachepa. Pakati pa mimbazo anakungapo neti yolimba yokhalapo anthu. Kaboti kawo kakale kanalinso ka mimba ziwiri, inde. Koma kaja munthu ankakakoka ndi dzanja limodzi, linalo ali ndi botolo la madzi. Ili ayi. Mlongoti wake anaudzutsa amuna anayi, wina mpaka kutukwana.

"Imirira bwino," anatero Kamanzere, chibwenzi chake. "Ukuwerama ngati wataya ndolo."

Ankamuyeza waya. Pa mpikisano, ntchito ya Nthenga inali yolendewera. Ankavala lamba wa ngowe m'chiuno, n'kukola ngoweyo ku waya wochokera pamwamba pa mlongoti. Kenako ankaponda m'mphepete mwa boti, thupi lonse panja, chagada pamwamba pa madzi, kuti mphepo isaligubuduze. Kamanzere ankawongolera. Zaka ziwiri akuchita zimenezi. Dzina loti Nthenga anam'patsa ndi iyeyo tsiku loyamba, ati kupepuka. Chikondi chinabwera mwezi wachitatu, atagubuduzika pamadzi osaya n'kuseka mpaka kutsamwa.

"Wayayu ndamufupikitsa ndi zala zinayi," anatero Kamanzere, pensulo ili kukhutu. "Timawilo ta zingwe ndatisamutsira kumanzere, kudzanja langa. Apa ndamata mphira kuti usaterereke. Boti lonseli ndikulisoka pa thupi lako ngati diresi."

"La ukwati kapena la maliro?"

Kamanzere anaseka. Atadzutsa mutu anapeza akuseka yekha.

"Ukuopa?"

"Ine? Kuopa pulasitiki?"

"Ndiuze zoona, iwe."

Nthenga anayang'ana nsonga ya mlongoti. Khosi linawawa asanaipeze. Mpikisano waukulu unali utatsala masabata awiri, ndipo mabotiwa, ankatero anthu, akathamanga mimba imodzi imanyamuka m'madzi kufika msinkhu wa denga. Wolendewera amakhala kumtunda komweko.

"Mangitsa wayayo," anatero. "Usiye mafunso."

Panja panaima galimoto. Chitseko chinatsekedwa mwamphamvu, ngati cha munthu amene safunsa malo oimika.

Anali Mphenzi. Botili linali lake kwa zaka zisanu asanaligulitse kwa Kamanzere. Kale kwambiri, Nthenga asanabwere, Mphenzi ndi Kamanzere ankayendetsa boti limodzi. Sankangoyendetsa boti lokha. Kalabu yonse inkadziwa, mpaka mlonda wa pageti.

"Mwalitani boti langa?" anafunsa Mphenzi, magalasi akuda ali pamphumi.

"Linali lanu, asisi," anatero Nthenga.

"Ee, mng'ono wanga ali pompano? Sindinakuone. Ndiwe wochepa zedi."

Analizungulira botilo akugwira chingwe chilichonse ngati mayi woyendera mwana amene anam'siya kwa eni. Apa anagwedeza mutu. Apo anatsonya. Atafika patsinde pa mlongoti anaima, chingwe chofiira chili m'manja.

"Ichi bwanji sunasinthe?"

"Chachitali chotero cha mtundu wina chasowa m'sitolo," anayankha Kamanzere. "Akuti chibwera mwezi wamawa."

"Pa kaboti kanu kaja chofiira chinali cha chiyani?"

"Chofooketsa thanga. Mphepo ikakula, Nthenga amakoka chofiira, boti n'kufatsa."

"Pano chofiira chimatulutsa thanga lachitatu, chimthanga chija cha m'thumba. Ukachikoka mphepo ili yaukali, wadzikumbira wekha."

"Ndamuuza kale zimenezo."

"Wauza makutu. Manja sunawauze." Mphenzi anatembenukira kwa Nthenga, mawu ali ofewa ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala. "Ndili ndi chabuluu m'galimoto. Ndikupatsa ulere. Munthu akachita mantha, mng'ono wanga, manja amabwerera kusukulu yawo yakale."

Kamanzere anali atayamba kale kuvomera ndi mutu. Ndi zimene zinamupweteka Nthenga. Kuvomera msanga kumeneko, ngati galu amene wamva mluzu wa mbuye wake wakale.

"Chisiyeni," anatero.

"Nthenga, palibe vuto kungo..."

"Ndati chisiyeni. Sindine mwana wa mkaka woti azindipakira mitundu. Chofiira ndi cha thanga lalikulu. Chofooketsa ndi choyera. Ndamva. Chingwe chanucho mukayanikire zovala, asisi."

Mphenzi anatsitsa magalasi ake pamaso.

"Loweruka mukuliyesa eti? Ndidzakhala m'boti la injini. Pamafunika wina wotola anthu."

* * *

Kunyumba makina osokera ankalira. Mayi ake sanadzutse mutu pamene Nthenga analowa. Anangoloza foni imene inali pa mulu wa nsalu.

"Azakhali ako anditumizira kanema. Taona."

Nthenga anaidziwa asanaitsegule. Boti ngati lawo lomwe, kwina kutali, likuthamanga. Mphuno zake zikulowa m'funde. Boti lonse likuima chadodolido. Munthu wa pa waya akuuluka ngati chiguduli n'kukamenyetsa msana pa mlongoti. Kanemayo inathera pomwepo. Sinanene ngati munthuyo anadzuka.

"Ndi lomwelo?"

"Lofanana nalo, amayi."

"Ndiye pa chingwe pamenepo, amene azikhalapo ndiwe."

"Pamakhala boti la injini lotitsatira. Timavala majekete oyandamitsa."

"Jekete imalumikiza msana?" Makina anaima. "Kaboti kaja ndinakulekerera. Ndinati n'zachibwana, zitha. Mnyamatayo ndinayamba kumukonda, sindibisa. Ali ndi ulemu, amadya zimene wapatsidwa. Koma mwamuna amene amakhala pansi bwinobwino, iwe atakupachika panja ngati malaya, ameneyo ndimutche mkamwini?"

"Sandikakamiza. Ndimafuna ndekha."

"Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Iwe ukuchita kuyambira chagada pomwepo."

Mayi ake anamugwira dzanja, n'kulitembenuza. Zikhatho zinali ndi zipsera za zingwe, zakale ndi zatsopano.

"Ndinakubereka ndi manja osalala," anatero motsitsa. "Tamvera. Anati akufuna kubwera ndi akwawo mwezi wamawa kudzakamba za inu awiri. Ukakwera chinthu chimenecho pa mpikisano, umuuze asavutike. Geti ndidzatseka ndekha."

Makina anayambanso kulira.

* * *

M'mawa mwake, ali m'basi, Nthenga anatulutsa foni. Anamulembera Kamanzere zonse zimene mayi ake ananena. Yankho silinachedwe.

"Ndiye titani?"

"Tipambane. Chikho chikalowa m'nyumba mtima wawo udzatsika."

"Nanga ukavulala?"

"Uli ndi mawu a amayi anga lero."

"Ndikufunsa ngati munthu wokukonda."

Nthenga analemba kuti, "Ndikuopa. Chiyambire pamene unalibweretsa sindikudya bwino." Anawayang'ana mawuwo basi ikudumpha m'maenje. Akawatumiza, Kamanzere amumvera chisoni. Akamumvera chisoni, amuuza kuti apume. Ndipo pa kalabu yonse panali mkazi wina m'modzi yekha wodziwa waya wa boti limenelo, Mphenzi. Masabata awiri a m'mawa uliwonse pamadzi, awiriwiri, akukuwirana ndi kuseka. Chikondi chake iye chinayamba choncho.

Anafufuta.

"Mawa usachedwe," analemba. "Ubwere ndi magolovesi anga."

"Ndimakukonda, Nthenga."

"Uzikonda chiwongolero, usandigwetse."

* * *

Loweruka mbendera ya kalabu inali itawongoka ngati thabwa. Zingwe za maboti oimikidwa zinkamenya milongoti, ngwee ngwee ngwee, bwalo lonse. Madzi anali otuwa, mafunde ali ndi thovu kumutu.

"Tikhoza kudikira mawa," anatero Kamanzere akumanga jekete.

Kumbuyo kwake Mphenzi anali atakhala kale m'boti la injini, miyendo itasanjikizana, akuwayang'ana.

"Kankha," anatero Nthenga.

Atangotuluka padoko, mphepo inaligwira thanga. Botilo silinayambe pang'onopang'ono ngati kaboti kawo. Linangolumpha. Nthenga anakola ngowe ku waya, n'kutuluka. Mapazi pa mphira. Msana pamwamba pa madzi. Mimba imene anapondayo inanyamuka. Inakwerabe. Inakwerabe. Atayang'ana pansi anaona madzi ali kutali, akuthamanga ngati msewu pansi pa basi. Waya ankalira kamawu kakang'ono kosalekeza, kolowa m'mano.

"Lili bwanji?" anakuwa Kamanzere. Nkhope yake inali yowala ngati ya mwana.

"Lili bwino!"

Anagwiritsitsa waya, akupemphera kuti Kamanzere asamuyang'ane nkhope.

Anayenda choncho mpaka doko linachepa ngati bokosi la machesi. Kenako Kamanzere anakhotetsa kuti mphepo ibwere chakumbuyo. Liwiro linawonjezeka. Madzi ankamuwaza kumaso ngati mchenga. Nthenga anaona patsogolo chigamba chakuda pamadzi chikubwera chakumbali, chizindikiro cha mphepo yamphamvu.

"Ikubwera!" anakuwa.

"Ndaiona! Gwira!"

Inawamenya. Boti linapendekeka. Mphuno yakumunsi inayamba kumira m'funde, madzi akukwera pamwamba pake. Kanema wa azakhali uja anamubwerera yense m'maso.

"Fooketsa!" anakuwa Kamanzere. "Fooketsa thanga!"

Nthenga sanaganize. Analowa mkati theka, dzanja linapita lokha. Linadutsa choyera. Linagwira chofiira. Anakoka ndi mphamvu zonse za zaka ziwiri, kamodzi, kawiri, katatu.

"Ayi! Osati chimenecho!"

Kutsogolo kunamveka phokoso ngati chinsalu chikung'ambika. Chimthanga chinatuluka m'thumba, theka lokha, n'kufufuma nthawi yomweyo. Boti linakokedwa ndi mphuno. Mimba zonse ziwiri zinabaya madzi. Kumbuyo kunanyamuka.

Waya anamutenga. Anauluka. Anaona thambo, mlongoti, thambo, kenako khuvuu.

Pansi pa madzi panali phee. Ngowe inali ikadali ku waya, ndipo waya ankamukokera pansi pa thanga. Anakankha nsaluyo ndi mutu. Sinasunthe. Zala zinafufuza ngowe, zinaterereka, zinafufuzanso. Chifuwa chinayamba kuyaka. Anaganiza za makina osokera. Anaganiza kuti amayi amva kwa ndani.

Kenako dzanja linamugwira kolala ya jekete. Dzanja lomwelo linakankha waya, ngowe n'kumasuka. Anatulukira pamwamba akutsokomola, akulira, akumeza mpweya ndi madzi pamodzi.

Kamanzere anali pambali pake, nkhope itatuwa.

"Uli bwino? Ndiyankhe! Uli bwino?"

"Ndili bwino. Pepa. Pepa, ndakoka..."

"Zisiye."

Anali atanyamula dzanja lake lamanzere pamwamba pa madzi ngati si lake. Pamene boti linkagubuduzika, chingwe cha thanga chinali chitamukulunga pamkono. Anachisolola mwankhanza kuti amufikire Nthenga. Tsopano dzanjalo linali litapindikira kumene dzanja silipindikira.

Injini inamveka ikuyandikira. Mphenzi anawerama, n'kutambasula mkono. Anawakokera m'botimo m'modzim'modzi, n'kubwerera ku injini. Nthenga akanakonda atatukwanidwa.

* * *

Ku chipatala anawakhazika pa benchi ya mukhonde, moyang'anizana ndi chithunzi cha mafupa a munthu. Tsitsi la Nthenga linali likudonthabe. M'nthiti munkabaya akapuma, koma dokotala anati palibe chothyoka. Cha Kamanzere chinali china. Mafupa awiri a pamkono. Chikhakha masabata asanu ndi atatu.

"Ndakuthyola ndine," anatero Nthenga.

"Wandithyola ndi mphepo."

"Asisi aja anandipatsa chingwe chabuluu, ndinakana. Chifukwa cha mtima wanga woipawu."

"Ndikanasintha ndekha usiku womwewo. Ndinaopa kukukwiyitsa." Anamuyang'ana, maso ali ofiira. "Pamene sindinakuone pamwamba paja, Nthenga, ndinafa. Boti limenelo ndiligulitsa. Ndikapita kwa amayi ako ndi chikhakha chomwechi, ndikagwade."

Nthenga anatsamira paphewa lake labwinolo. Mwina zithere pomwepa. Mwina mantha aja anali ndi nzeru kuposa iye.

Nsapato zinamveka mukhondemo. Mphenzi anali atasintha zovala. M'manja anali ndi pepala ndi cholembera.

"Boti talikoka," anatero. "Mlongoti uli bwino. Thanga lang'ambika pang'ono, lisokedwa mawa. Dzanja?"

"Masabata asanu ndi atatu," anayankha Kamanzere.

"Ndinaona. N'chifukwa chake ndadzera ku ofesi ya mpikisano. Akuti kusintha dzina ndi lero lokha, isanakwane folo koloko."

"Palibe chosintha. Sitipikisana."

"Iwe sukupikisana. Ine ndikupikisana. Dzina langa lilipo kale."

Kamanzere anawongoka pa benchi. "Mphenzi, osati pano."

"Dzina lanu lili pati, asisi?" anafunsa Nthenga.

Mphenzi anamupatsa pepalalo. Linali fomu yolembetsera mpikisano. Pa mzere wa wowongolera panali dzina la Kamanzere. Pa mzere wa wolendewera panali la Mphenzi. Zilembo zake zinali zopendekera kumbuyo, za munthu wolemba ndi manzere. Nthenga akanazizindikira ngakhale mumdima. Pansi panali tsiku. Lolemba lapitalo.

Anawerenga kawiri. Khonde lonse linakhala ngati lapendekeka.

"Lolemba," anatero.

"Ndimvere kaye."

"Lachinayi unkandiyeza waya. Uli ndi pensulo kukhutu. Pepala ili utasaina kale."

"Tsiku lomaliza kulembetsa linali Lolemba. Ndinafuna ndione kaye mmene uchitire lero. Ukanachita bwino ndikanasintha, ndikulumbira."

"Ndiye lero anali mayeso? Oyesa ali m'boti la injini?"

"Ndinkakuona mmene unkaliyang'anira botilo! Unkaopa, Nthenga. Unkakana, koma unkaopa. Inenso ndinkaopa. Ndikanatani?"

"Ukanandiuza."

"Iwe unandiuza?"

Namwino wina anasuzumira pakhomo n'kuwayang'ana. Onse anatsitsa mawu. Mphenzi anayang'ana wotchi yake.

"Za m'nyumba mwanu mukambirana ndikapita," anatero. "Ine nkhani yanga ndi iyi. Ndisamukira pa chiwongolero. Boti limenelo ndimalidziwa kuposa aliyense. Ndikufuna munthu wa pa waya. Wayayo anadulidwa pa msinkhu wako, ndipo wopepuka ngati iwe pa kalabu palibe. Ukakana, ndipeza wina, ndipo aliyense adzadziwa kuti unatsika chifukwa chiyani."

"Mukufuna munthu amene wagubuduza boti lero?"

"Amene wamira kamodzi salakwitsanso pomwepo. Amene sanamirepo ndi amene ndimamuopa."

Nthenga anamuyang'ana m'maso kufuna kupeza chimene chinali kuseri. Chifundo? Msampha? Sanapeze kanthu. Maso a Mphenzi anali ngati madzi a m'mawa uja. Kulendewera pa waya n'kupereka msana wako kwa wowongolera. Iye akagwedeza dzanja pang'ono chabe, mwadala kapena mwangozi, wa pa waya ndi amene amauluka. Ndipo palibe amene angadzadziwe kuti chinali chiti.

"Usavomere," anatero Kamanzere. "Chonde. Wangotsala pang'ono kufa lero."

"Boti ndi lako. Ukhoza kumukaniza."

Kamanzere anayang'ana pansi. "Pogulitsa tinagwirizana kuti mpikisano wa chaka chino ali ndi ufulu wokwera. Ndinasaina."

"Wasaina zambiri iwe."

"Nthenga, ukalemba dzina pamenepo, amayi ako atseka geti. Unandiuza wekha. Ndiye kuti ine ndi iwe..."

"Ine ndi iwe tinali pa pepala ili. Unandichotsapo."

Anatenga cholembera. Chinali chozizira. Anakhwatcha dzina la Mphenzi pa mzere wa wolendewera, n'kulemba lake pamwamba. Zilembo zinatuluka zokhotakhota ngati za mwana woyamba sukulu.

Kamanzere anatseka maso, mutu n'kutsamira kukhoma.

Mphenzi anatenga pepalalo, n'kulipinda kanayi.

"Tiyamba kuyeserera Lolemba, sikisi koloko m'mawa, padoko," anatero. "Usadye zambiri. Akuti mphepo yake idzaposa ya lero."

Anatembenuka n'kumapita. Nthenga anafuna kuimirira kuti naye atuluke, asamve chimene Kamanzere anene. Koma anakhalabe pa benchipo, pambali pake.